Lamya ya pa Intaneti M'malo mwa Lamya ya Nthambo Pakhomo

Kwa zaka zoposa 100, lamya ya pakhomo idali ya mtundu umodzi: nthambo ziwiri za mkuwa zochokera ku siteshoni ya kampani ya lamya mpaka pakhoma la nyumba. Masiku ano mabanja ambiri ku South Africa, ku Britain, ku America ndi m'maiko ena akusiya nthambozo n'kulumikiza lamya zawo ku intaneti. Ena akuchita zimenezi mwa kufuna kwawo pofuna kupulumutsa ndalama, pamene ena akukakamizika chifukwa makampani eni ake akutseka njira yakaleyo.

Nambala ikhoza kukhala yomweyo, lamya ya patebulo nayonso ikhoza kukhala yomwe ija, koma pali chinthu chimodzi chachikulu chimene chasintha. Kale kampani ndiyo idali kuonetsetsa kuti lamya ili ndi moyo usana ndi usiku. Tsopano gawo lalikulu la udindo umenewu lagwera mwini nyumba.

Mmene imagwirira ntchito

Njira imeneyi imadziwika ndi dzina la Chingerezi lakuti Voice over Internet Protocol, kapena mwachidule VoIP. Pa lamya yakale, munthu akaimba, siteshoni idali kumutsegulira njira yakeyake yofika kwa amene akufuna kulankhula naye, ndipo njirayo idali ya anthu awiriwo basi mpaka atamaliza kukambirana. Pa intaneti palibe njira ya munthu mmodzi. Mawu amasandutsidwa manambala, kenaka n'kudulidwa m'tizidutswa ting'onoting'ono, kawirikawiri tizidutswa 50 pa sekondi iliyonse. Tizidutswato timayenda pamodzi ndi makalata, zithunzi ndi makanema a anthu ena, ndipo tikafika kumene tikupita timasanjidwanso m'dongosolo lake n'kukhalanso mawu.

Pali malamulo amene makampani onse amatsatira kuti makina awo azimvana. Lamulo lotchedwa SIP, lomwe lidasindikizidwa koyamba m'chaka cha 1999 ndi kukonzedwanso mu 2002, ndilo limayendetsa kuitana, kuyankha ndi kudula lamya. Ntchito yosandutsa mawu kukhala manambala ili ndi malamulo akenso, ochokera ku bungwe la International Telecommunication Union. Lodziwika kwambiri ndi G.711, lomwe limafuna makilobiti 64 pa sekondi ndipo limatulutsa mawu omveka ngati a pa lamya ya nthambo. Lina, G.729, limafinya mawu mpaka makilobiti 8 pa sekondi, ndipo limathandiza kumene intaneti ndi yofooka, ngakhale mawuwo amataya ubwino wake pang'ono.

Izi zikutanthauza kuti lamya sifuna intaneti yothamanga kwambiri. Kuimba kumodzi sikupitirira kwenikweni makilobiti 100 pa sekondi mbali iliyonse. Chimene lamya imafuna ndi intaneti yokhazikika. Bungwe lija limalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 pa ulendo wochoka kwa wolankhula kufika kwa womvera. Akachedwa kuposa pamenepo, anthu amayamba kudulana mawu, aliyense poganiza kuti mnzake wakhala chete. Tizidutswa tina tikasochera panjira kapena tikafika mosinthana, mawu amamveka odukaduka.

Lamya yotereyi siyofanana ndi kuimbirana pa WhatsApp. Pa WhatsApp anthu onse awiri amayenera kukhala ndi pulogalamuyo pa foni zawo. Lamya ya pa intaneti ya pakhomo imakhala ndi nambala yeniyeni, ndipo imatha kuimbira kapena kulandira kuchokera ku foni iliyonse, kaya ya m'manja, ya ku chipatala, ya kubanki kapena ya kunja kwa dziko.

Chiyambi chake

Kampani ya VocalTec ya ku Israel ndiyo idayamba kugulitsa pulogalamu yoimbirana pa intaneti m'chaka cha 1995. Nthawi imeneyo anthu onse awiri adayenera kukhala pa kompyuta, ndipo mawu sadali kumveka bwino. Zinthu zidasintha intaneti yothamanga itayamba kufika m'makomo. M'chaka cha 2002 kampani ya Vonage, ya ku New Jersey m'dziko la America, idayamba kupereka kabokosi kolumikizira lamya wamba ku intaneti, pa mtengo umodzi wa pamwezi. Mu Ogasiti 2003 kudabwera Skype, imene idakhazikitsidwa ndi Niklas Zennström wa ku Sweden ndi Janus Friis wa ku Denmark mothandizidwa ndi akatswiri a ku Estonia. Skype ndiyo idazolowetsa anthu miyandamiyanda kulankhula ndi abale awo a kutali popanda kuopa bilu.

M'chigawo cha kummwera kwa Africa, tsiku lofunika ndi 1 Febuluwale 2005. Kuyambira tsiku limenelo, boma la South Africa, kudzera mwa nduna ya zofalitsa mauthenga ya nthawiyo, Ivy Matsepe-Casaburri, lidalola makampani ena kupatula Telkom kutumiza mawu pa intaneti. Makampani otere adapatsidwa manambala oyamba ndi 087. M'chaka cha 2010 kudayambanso dongosolo lolola munthu kusamuka ndi nambala yake ya m'dera, monga yoyamba ndi 011 ya ku Johannesburg kapena 021 ya ku Cape Town, kuchoka ku kampani ina kupita ku ina.

Nthambo za pansi pa nyanja nazo zidathandiza kutsitsa mtengo wa intaneti m'chigawochi. Ya Seacom idayamba kugwira ntchito mu 2009, ya EASSy mu 2010, ndipo ya WACS mu 2012. Kuyambira mu 2014, pamene kampani ya Vumatel idayala nthambo za fibre m'dera la Parkhurst ku Johannesburg, nthambo zoterezi zidafalikira m'makomo a m'mizinda ikuluikulu ya dzikolo.

Pa nthawi yomweyo nthambo za mkuwa zidali kutha mphamvu. Mbava zidali kuzidula usiku n'kukagulitsa mkuwawo, ndipo kukonza kwake kudali kodya ndalama zambiri. Mafoni a m'manja nawo adatenga malo. M'chaka cha 2000 kampani ya Telkom idali ndi malamya a nthambo oposa 5 miliyoni, koma pofika 2022 chiwerengerocho chidali chitatsika kufika pafupifupi 1 miliyoni.

Zofunika pakhomo

Banja lofuna lamya yotere limafunika zinthu zitatu: intaneti yodalirika, kampani yopereka nambala, ndi chipangizo cholankhulira. Intanetiyo ikhoza kukhala ya fibre, ya nthambo wamba kapena yodzera pa nsanja za mafoni a m'manja.

Pa nkhani ya chipangizo, njira zilipo zinayi. Yoyamba ndi kabokosi kotchedwa ATA, kamene mbali ina kamalowa mu router ndipo mbali inayo kamalandira chingwe cha lamya yakale. Yachiwiri ndi router yomwe ili kale ndi bowo la lamya kumbuyo kwake, monga zimene makampani ambiri a ku Britain amapereka. Yachitatu ndi kugula lamya yopangidwira intaneti, imene sifuna kabokosi kena. Yachinayi ndi pulogalamu ya pa foni ya m'manja, imene imachititsa kuti nambala ya panyumba iziitana m'thumba mwa mwini wake kulikonse kumene ali.

Nyumba zakale zimakhala ndi mabowo a lamya m'zipinda zingapo. N'zotheka kuwagwiritsabe ntchito, koma nthambo yochokera kunja iyenera kuchotsedwa kaye pamalo pamene imalowera m'nyumba, chifukwa ngati idakali ndi mphamvu yochokera ku siteshoni ikhoza kuwononga kabokosi katsopanoko. Ntchito imeneyi n'kwabwino kusiyira mmisiri. Malamya akale kwambiri oimba mozunguza chala sagwira ntchito pa timabokosi tambiri ta masiku ano.

Ubwino wake

Chokopa chachikulu ndi mtengo. Nyumba imene ili kale ndi intaneti sifunikanso kulipira ndalama ya pamwezi ya nthambo yachiwiri. Popeza mawu amayenda ulendo wautali pa intaneti ndipo amangolowa m'njira za makampani ena akayandikira kumene akupita, kuimba kunja kwa dziko kumatsika mtengo. Makampani ambiri salipiritsa makasitomala awo akamaimbirana okhaokha.

Komabe mtengo umasiyana malinga ndi kumene munthu akuimbira. Kampani ya m'dziko lolandira imalipiritsa ndalama yake pa mphindi iliyonse yolowa, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa ndalama imeneyi ndi yokwera, makamaka pa mafoni a m'manja. N'chifukwa chake munthu wa ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe wokhala ku Johannesburg kapena ku London angapeze kuti kuimbira ku America n'kotchipa zedi, koma kuimbira makolo ake kumudzi kukadali kodula. Mawu akuti "kuimba mopanda malire" amene amalembedwa pa zotsatsa malonda kawirikawiri amanena za manambala a m'dziko lomwelo ndi maiko ochepa osankhidwa.

Ubwino wina ndi wakuti nambala simangika kunyumba. Banja likasamuka, limanyamula kabokosi kake n'kukakalumikiza ku nyumba yatsopano popanda kudikira mmisiri. Nambala imodzi ikhoza kuitana pa malamya angapo nthawi imodzi, ndipo uthenga umene woimba wasiya ukhoza kutumizidwa ngati kalata ya pa intaneti. Kwa okalamba amene akhala ndi nambala imodzi kwa zaka makumi angapo, yodziwika ku tchalitchi, ku chipatala ndi kwa abale onse, mwayi wosunga nambalayo ndi waukulu kuposa china chilichonse.

Magetsi akathima

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Vuto lalikulu la lamya ya pa intaneti ndi magetsi. Nthambo ya mkuwa sidali kunyamula mawu okha, idali kunyamulanso mphamvu ya mavoti pafupifupi 48 kuchokera ku siteshoni, kumene kudali mabatire akuluakulu ndi majenereta. N'chifukwa chake lamya wamba ya chingwe idali kugwirabe ntchito ngakhale m'nyumba monse muli mdima. Nthambo ya fibre imanyamula kuwala, osati magetsi. Magetsi a m'nyumba akathima, kabokosi ka fibre kamazima, router imazima, lamya nayo imafa nthawi yomweyo.

Ku South Africa nkhaniyi idaonekera poyera m'zaka zimene kampani ya Eskom idali kuthimitsa magetsi mosinthanasinthana. Kuthimitsaku kudakula koyamba mu 2008, kudafika pa gawo lachisanu ndi chimodzi mu Disembala 2019, ndipo chaka cha 2023 ndicho chidali choipitsitsa, pamene makomo ambiri adali kukhala maola ochuluka pa tsiku opanda magetsi. Mabanja ambiri adaphunzira kugula batire laling'ono la router. Popeza router ndi kabokosi ka fibre zimadya magetsi ochepa, batire lotere limatha kuzisunga kwa maola angapo. Koma aliyense wogula ayenera kuwerenga zipangizo zonse zimene lamya imadalira. Ngati lamyayo ndi yopanda chingwe, tsinde lake nalonso limafuna magetsi, ndipo likaiwalika batire la router silithandiza kanthu.

Batire la panyumba silithetsa zonse. Makina a kampani ya intaneti a m'deralo nawo amafuna magetsi. Nsanja za mafoni a m'manja zili ndi mabatire awo, koma magetsi akamathima pafupipafupi mabatirewo sapeza nthawi yodzaza, ndipo makampani a mafoni a ku South Africa akhala akudandaula kuti mbava zimawaba. Nyumba imene intaneti yake ndiponso foni yake ya m'manja zonse zimadalira nsanja imodzi ikhoza kutaya njira zonse ziwiri nthawi imodzi.

Ku Britain phunziro lidabwera ndi mphepo yamkuntho ya Arwen mu Novembala 2021, imene idasiya makomo ena kumpoto kwa England ndi ku Scotland opanda magetsi kwa sabata yoposa imodzi. Ena mwa amene adali atasamutsidwira kale ku lamya yatsopano adasowa njira yoitanira thandizo. Mu Malichi 2022 kampani ya BT idaimitsa kaye ntchito yosamutsa makasitomala ake. Bungwe loyang'anira za mauthenga m'dzikolo, Ofcom, lidali litalamula kale mu 2018 kuti makampani azikhala ndi njira yothandiza munthu kuimba nambala ya pangozi kwa ola limodzi kapena kuposerapo magetsi akathima, ndipo kuti njirayo iziperekedwa kwaulere kwa anthu amene alibe podalira pena kupatula lamya ya panyumba. Ola limodzi ndi lokwanira pa kuthima wamba kwa magetsi, koma silifika patali pa tsoka la masiku angapo.

Kuitana thandizo pangozi

Vuto lachiwiri limachokera pa ubwino uja wakuti nambala simangika kunyumba. Nthambo ya mkuwa idali ndi malekezero amodzi, kotero munthu akaimba nambala ya pangozi, kampani idali kudziwa nyumba imene akuimbira ngakhale iye atalephera kulankhula. Kabokosi ka pa intaneti sikadziwa kumene kali. Kampani imangodziwa adiresi imene mwini wake adalembetsa. Munthu akasamuka osasintha adiresiyo, ambulansi ikhoza kuthamangira ku nyumba yakale.

Ku America, m'zaka zoyambirira, mabanja ena adalephera kupeza thandizo ataimba 911 pa malamya a pa intaneti, chifukwa lamya zawo sizidali kufika kwa olandira mauthenga a pangozi. Zimenezi zidachititsa bungwe la Federal Communications Commission kulamula m'chaka cha 2005 kuti kampani iliyonse ya VoIP yolumikizana ndi malamya wamba izitumiza mauthenga a 911 ku ofesi yoyenera, pamodzi ndi nambala ndi adiresi ya woimbayo.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Wokhala ku South Africa ayenera kufunsa kampani yake ngati nambala ya apolisi, 10111, ndi ya ambulansi, 10177, zimadutsa pa lamya yake ndiponso ngati zimafika ku ofesi ya m'dera lake. Amene wanyamula kabokosi kuchoka nako m'dziko lina ayenera kudziwa kuti nambala ya pangozi, ngati ingadutse n'komwe, ikafika m'dziko limene nambala yakeyo idalembetsedwa, osati kumene iye ali.

Zipangizo zina zodalira nthambo

Nthambo ya lamya sidali ya mawu okha. Ma alamu a mbava, makina a fax, makina olipirira ndi khadi m'masitolo, malamya a m'zikepe za m'nyumba zosanja ndiponso timabatani timene okalamba amavala m'khosi kapena padzanja kuti aitane thandizo akagwa, zonsezi zidapangidwa kuti zizitumiza kulira kwa mtundu wina pa nthambo ya mkuwa. Kulira kumeneku kukadulidwa m'tizidutswa n'kufinyidwa, nthawi zina kumafika kotasokonekera, ndipo makina a mbali inayo sakuzindikira. Choopsa n'chakuti lamya yeniyeniyo imaoneka ngati ili bwinobwino, kotero vutolo limadziwika pa tsiku la ngozi.

Ku Britain, kumene anthu pafupifupi 1.8 miliyoni amadalira timabatani totere, nkhaniyi idafika ku boma. Mu Disembala 2023, zitamveka kuti zipangizo za anthu ena zidalephera kugwira ntchito atasamutsidwa, makampani akuluakulu a lamya adasaina pangano lakuti sadzasamutsa wogwiritsa ntchito chipangizo chotere asanatsimikize kuti chizigwira ntchito pa njira yatsopano. Kampani ya Openreach idali itasiya kale kugulitsa malamya atsopano a mtundu wakale m'dziko lonselo mu Seputembala 2023, ndipo cholinga chidali kutseka njira yakaleyo pakutha pa 2025. Mu Meyi 2024 kampani ya BT idalengeza kuti yasuntha tsikulo kufika kumapeto kwa Januwale 2027.

Kampani ikatseka

Kampani ya lamya ya nthambo kawirikawiri idali imodzi m'dziko, yaikulu ndiponso yoyang'aniridwa ndi boma. Makampani a lamya ya pa intaneti ndi ambiri, ena aang'ono, ndipo akhoza kugwa. Mu Julaye 2007 kampani ya SunRocket ya ku America idatseka mwadzidzidzi, n'kusiya makasitomala pafupifupi 200,000 akusakasaka kolowera, ambiri a iwo atalipiriratu chaka chathunthu. Ngakhale dzina lalikulu silikhala mpaka muyaya. Skype, imene kampani ya Microsoft idagula mu 2011 pa mtengo wa madola 8.5 biliyoni, idatsekedwa mu Meyi 2025.

Palinso nkhani ya chitetezo. Lamya ya pa intaneti imatsegulidwa ndi dzina ndi mawu achinsinsi. Akuba akawapeza amatha kuimba maulendo ambirimbiri ku manambala odula a kunja m'usiku umodzi, bilu n'kugwera mwini nambala. Njira zodzitetezera ndi kusintha mawu achinsinsi amene adabwera ndi kabokosi, kutseka kuimbira maiko amene banja siliimbirako, ndi kusankha kulipiriratu ndalama yochepa kuti ikatha lamya iime yokha.

Zoyenera kufunsa musanasinthe

Akatswiri a za lamya amagwirizana pa mafunso angapo amene banja liyenera kupeza mayankho ake lisanasiye nthambo. Kodi nambala yakale isamuka, ndipo zitenga masiku angati? Lamulo lake ndi lakuti munthu asathetse yekha mgwirizano ndi kampani yakale nambala isanasamuke, chifukwa nambala yotsekedwa ikhoza kutayika. Kodi manambala a pangozi amadutsa, ndipo adiresi imasinthidwa bwanji? Kodi lamya ikhala maola angati magetsi atathima, ndipo batire agula ndani? Kodi intaneti ikafa, kampani ikhoza kutumiza oimba ku foni ya m'manja? Kodi alamu kapena batani la wodwala layesedwa pa njira yatsopanoyo, mwini wake akuona?

Kwa banja la anthu athanzi, lokhala kumene mafoni a m'manja amagwira bwino, mafunso amenewa ndi opepuka, ndipo kusintha kumapulumutsa ndalama mwezi ndi mwezi. Kwa nkhalamba yokhala yokha, kwa wodwala matenda a mtima kapena a shuga, ndiponso kwa okhala m'mafamu akutali kumene foni ya m'manja sigwira, mayankho ake akhoza kusiyanitsa moyo ndi imfa. M'makomo otere batire lodzaza, adiresi yolondola ndi njira yachiwiri yoitanira thandizo ziyenera kukhalapo nthambo yakale isanadulidwe.